A Buleki ndi Mtsikana wa Ng'oma

Dzina lakuti Buleki anawapatsa ndi ophunzira awo. Bamboyu anakhala zaka zambiri akuphunzitsa anthu kuyendetsa galimoto, ndipo mawu amene ankatuluka pakamwa pawo kuposa ena onse anali omwewo: "Buleki! Buleki, mayi, mutipha!" Ngakhale akwere basi ngati wina aliyense, phazi lawo linkaponda pansi lokha dalaivala akamayandikira mphambano. Anali munthu wa malaya ositasita, opisira m'thalauza, cholembera chili m'thumba la pachifuwa. Sankamwa, sankasuta, ndipo wailesi ya m'galimoto yawo inafa kalekale iwo osaona chifukwa choikonzera.

Mwana anali naye mmodzi yekha, wamkazi, amene ankagwira ntchito m'sitolo yogulitsa mankhwala. Ophunzira onse ankamudziwa mwanayo asanamuone, chifukwa a Buleki sankamaliza ulendo osamutchula. "Wanga uja amavala gauni yoyera," ankatero, uku akugwira chiwongolero cha wophunzira kuti asalowe m'ngalande. "Madokotala amachita kumufunsa nzeru." Chimene sankatchula n'chakuti kumapeto kwa sabata mwanayo ankavula gauni yoyera ija n'kukaimba ng'oma m'bandi ya nyimbo za roko.

Atangomva za ng'omazo, a Buleki analankhula kamodzi kokha, mosakweza mawu. Anati mwanayo ndi wamkulu, sangamumange miyendo, koma ng'omazo zisadzalowe pageti pawo ndipo nkhani yake isadzamveke patebulo. Mwanayo anangoti, "Chabwino, Adadi." Kuyambira pamenepo ankacheza za mvula, za misewu yokumbika, za makasitomala ovuta. Nkhani zinali zambiri ndithu, koma onse ankadziwa pamene ankazungulira.

Lamlungu lina masana, atatha kudya, akazi awo anakhala pampando n'kuika mwendo wawo wotupa pakatebulo.

"Mwana uja akuimba lero masana ano," anatero. "Wandituma kuti ndikuuzeni."

"Pakamwa alibe?"

"Ali napo, koma munapatseka ndinu. Ine ndikanapita, koma akuti n'kotsika masitepe, ndiye ndi mwendo wangawu ndingakafike ndi mutu. Pitani inu, abambo. Mudzadana nacho mpaka liti chinthu choti simunachionepo?"

"Phokoso sachita kuliona, amayi."

Akazi awo anatenga nsalu yawo n'kupitiriza kusoka. A Buleki anawerenga nyuzipepala, tsamba lomwelo kawiri. Kenako anadzuka, anatenga makiyi, n'kunena kuti akukaonetsa matayala. Akazi awo sanawafunse kuti ndi makaniko uti amatsegula Lamlungu.

Galimoto ya sukulu inali ndi dzina la sukuluyo pazitseko zonse, nambala ya foni m'munsi mwake, ndi chikwangwani chofiira padenga chimene munthu ankachiona ali kutsidya kwa msika. A Buleki sanafune kuti chikwangwanicho chioneke pakhomo pa kalabu. Anakaimika kutali, kuseri kwa sitolo ya zitsulo, n'kuyenda wapansi mtunda wotsalawo.

Kalabuyo inali pansi pa sitolo ya mipando, m'chipinda chimene kale ankasungiramo matayala. Pakhomo panali mtsikana wojintcha, wa ndolo pamphuno. Anawayang'ana kuyambira kunsapato zopolisha mpaka kucholembera.

"Madala, simunasochere?"

"Kuli zoimba kuno?"

"Zilipo. Timayamba masana chifukwa oyandikana nafe anakatinenera kwa a landilodi. Bweretsani dzanja."

Analipira, ndipo mtsikanayo anawadinda chidindo cha inki pamkono ngati katundu wa kupositi. Anatsika masitepe akugwira khoma. Fungo linawalandira lisanafike phokoso: mowa wotayikira, simenti yonyowa, thukuta, ndi kafungo ka labala kamene sikanachoke chichokereni matayala. Makoma anali okhomedwa timatileyi ta mazira kuyambira pansi mpaka kudenga. Siteji inali ya matabwa osanjikiza, pamwamba atayalapo kapeti yakale yopsa ndi ndudu. Mababu ofiira awiri ankalendewera pawaya. Anthu sanali ambiri, koma chipindacho chinali chaching'ono moti ankaoneka ngati khamu, ndipo pafupifupi onse anavala zakuda ngati abwera kumaliro a munthu amene sankamukonda.

A Buleki anafunafuna mwana wawo ndi maso, koma sanamuone. Kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi firiji ya zakumwa, anaona mayi wa msinkhu wawo atakhala pampando wautali. Anavala juzi pamwamba pa yunifolomu ya unamwino, nsapato zoyera, botolo la zoziziritsa kukhosi lili m'manja. Mtima wawo unakhala pansi. Apa panali munthu wamkulu mnzawo. Anapereka moni, mayiyo anayankha mwaulemu n'kuwasunthira mpando wina.

Mnyamata wina anakwera pasiteji n'kukuwa kuti oyamba ndi a Malata Odontha. Anthu anaimba malikhweru. Anyamata anayi anakwera, n'kuyamba kulumikiza mawaya. Sipika ina inalira mokuwa ngati galimoto yotha mabuleki, a Buleki n'kuponda pansi osadziwa. Kenaka, popanda chenjezo lililonse, chipinda chonse chinaphulika.

Sanamve nyimbo. Anamva chinthu chikuwamenya pachifuwa, botolo la anamwino likunjenjemera patebulo, mano awo akugundana. Woimbayo anali mnyamata wowonda ngati mpini wa tsache, mutu atameta mbali imodzi yokha, malaya ong'ambika paphewa. Anagwira maikolofoni ndi manja awiri ngati akufuna kuipotokola khosi, n'kumakuwa mitsempha ya m'khosi ili tolotolo. Nthawi zina ankagwada, nthawi zina ankadumpha mpaka kugunda babu ndi mutu. Kutsogolo achinyamata ankakankhana, kugundana mapewa, wina akagwa anzake n'kumudzutsa akuseka. A Buleki anafunafuna liwu limodzi loti alimve m'nyimboyo, koma sanalipeze.

Nyimbo itatha kunagwa kabata, makutu awo akulira ngati muli nkhululu. Anatembenukira kwa anamwino aja. Atatha kupirira zoterozo, ankafuna munthu woti adandaule naye.

"Mayi, tafika pamenepa?" anatero mokweza, poti sankadzimva okha. "Ndithu pali mzimayi amene anavutika miyezi yonse ija, n'kukagona kuchipatala, kuti abereke chimenechi?"

Anamwino anamwa pang'ono osayankha. A Buleki anayesa kuti akugwirizana nawo.

"Taonani mutuwo. Wometa anathawa ntchito ili pakati. Makolo ake ali kuti? Ine mwana wanga atamachita zoterezi pagulu, ndikhoza kusamuka m'tauni muno usiku womwewo."

Mayiyo anaika botolo pansi bwinobwino.

"Bambo ake anamwalira," anatero. "Mayi ake ndine."

A Buleki anatsegula pakamwa, koma magitala anayambanso, ndipo anakhala choncho kukamwa kuli yasa nyimbo yonse yachiwiri. Analakalaka simenti ija itang'ambika. Sanathe kuyang'ana mayiyo, sanathenso kuyang'ana mnyamatayo, choncho anayang'ana firiji, n'kuwerenga dzina la kampani yake mobwerezabwereza ngati adzalembapo mayeso.

Phokoso litadukanso anati, "Mayi, pepani. Pakamwa panga..."

"Musavutike," anatero anamwino. Sankaoneka okwiya, ndipo zimenezo zinawapweteka a Buleki koposa. "Si inu oyamba. Achimwene anga enieni amanena zoposa pamenepo. Mawu akewo nanenso sindiwamva, ndimachita kumufunsa kunyumba. Koma mwana ameneyu ndi wachibwibwi. Kuti akupempheni mchere patebulo, ndiwo zimazizira. Akakwera apo chibwibwi chimatha. Ndiye ine ndikaweruka ndimabwera kudzamumva akulankhula osakodwa."

Anapisa m'chikwama n'kutulutsa thonje, kuling'amba pawiri.

"Ikani m'makutu. Ine ndaika kale. Obwerawa ndi aphokoso kuposa awa."

A Buleki analandira thonjelo ndi manja awiri ngati mwana wolandira mankhwala.

"Nanga inu mwadzaonera ndani?" anafunsa anamwino.

Funsolo linali losavuta, ndipo yankho lake linali lalifupi. Koma mawu aja akusamuka m'tauni anali asanaume. Akanati mwana wawo nayenso amaimba pamenepo, mayiyu akanawaona ngati ndani? Pakamwa panathamanga mutu usanaganize.

"Palibe," anatero. "Ndimangodutsa. Ndinamva phokoso ndiye ndinati ndione."

"Mwalipira pakhomo kuti muone phokoso?"

"Chidwi basi."

Anamwino anangogwedeza mutu.

A Malata Odontha anatsika, anthu akuwaombera m'manja. Wolengeza uja anakweranso n'kunena kuti tsopano ndi nthawi ya a Misomali. Anakwera anyamata awiri a magitala ndi mtsikana wamfupi woimba. Pomaliza, kuchokera kukakhomo ka kumbali, anatuluka mwana wa a Buleki.

Poyamba sanamuzindikire. Anavala malaya akuda opanda manja, tsitsi atalimanga ndi kansalu kofiira, ndipo anali wopanda nsapato. Kunyumba ankayenda mofatsa, mapewa ali pansi, ngati akuopa kudzutsa munthu. Apa anadutsa pasiteji ngati mwini malo, timitengo tiwiri tili m'dzanja limodzi. Chipinda chonse chinayamba kukuwa, "Mphenzi! Mphenzi!" A Buleki anayang'ana uku ndi uku kuti aone amene akutchulidwa. Mwana wawo anakweza timitengo m'mwamba, ndipo kukuwako kunawirikiza. Anali ndi dzina limene bambo ake sankalidziwa.

"Uyu ndiye amandisangalatsa," anatero anamwino, atawayandikira kukhutu. "Muonetsetse."

Mwanayo anakhala kuseri kwa ng'oma, anagundanitsa timitengo, ndipo nyimbo inayamba.

Phokoso linali lomwe lija, koma thonje linachotsako minga yake, ndipo a Buleki anayamba kumva kuti pansi pa chisokonezo chonsecho pali chinthu chimene sichikugwedezeka. Magitala ankathamanga, woimba ankakwera n'kutsika, koma onse ankabwerera pamene panali ng'oma. Kuchokera pamene anakhala ankaona mapazi a mwana wawo kunsi kwa ng'omazo. Phazi lamanja linkaponda chopondera cha ng'oma yaikulu, lamanzere linkatsegula ndi kutseka timbale tachitsulo, lililonse pa nthawi yakeyake, manja nawonso akuchita zawo. A Buleki anatha moyo wawo wonse akuchonderera anthu akuluakulu kuti phazi lamanzere lizichita zosiyana ndi lamanja. Ankadziwa kuvuta kwake. Ndipo apa mwana wawo ankachita zinthu zinayi nthawi imodzi, osayang'ana pansi, ataluma mlomo wam'munsi monga ankachitira ali wamng'ono akamawerengera masamu.

Pakati pa nyimbo yachiwiri ena onse anasiya, n'kumusiyira yekha. Anayamba pang'onopang'ono, ngati mvula yoyamba padenga, kenaka anathamanga mpaka timitengo sitinkaonekanso. Thukuta linkauluka kuchoka m'manja mwake likuwala ndi mababu ofiira aja. Anthu anasiya kukankhana, anangoima. A Buleki anapezeka kuti aimirira, sanadziwe kuti adzuka nthawi yanji.

Nyimbo itatha, mwanayo anatenga botolo la madzi, akupuma mwawefuwefu, n'kuyang'ana anthu. Maso ake anayenda mpaka kumbuyo, pafiriji. Anaima. Botolo linatsika pang'onopang'ono. Nkhope yake inatseguka yonse, kumwetulira kwa mwana amene waona kholo lake pageti pa sukulu, ndipo anaimirira n'kukweza kamtengo m'mwamba, akukagwedeza.

Mitu ingapo inatembenuka kuti ione amene akupatsidwa moni.

"Akukupatsani moni inu?" anafunsa anamwino. "Ine wandipatsa kale."

A Buleki anaona maso a achinyamata aja, anaona anamwino akudikira, anakumbukira bodza lawo. Ndipo anachita chinthu chimene sanachikonzekere. Anatembenuka n'kuyang'ana kumbuyo kwawo, ngati moniwo ndi wa munthu wina. Kumbuyoko kunalibe munthu. Kunali khoma ndi timatileyi ta mazira.

"Kaya," anatero. "Sindikumudziwa."

Pamene anabweza nkhope, dzanja la mwana wawo linali likutsika. Kumwetulira kuja kunali kusanachokeretu, kunangotsala pakamwa pokha. Anakhala pansi. Wa gitala anamuyang'ana kuti ayambitse nyimbo, iye osaona. Anachita kumuitana. Atagundanitsa timitengo, kamodzi kanapulumuka n'kugwera kutsogolo kwa siteji, wina n'kumutolera. Anthu anaseka mokoma mtima. Iye sanaseke. Nyimbo zotsalazo anaimba mutu uli pansi, mwamphamvu kuposa poyamba, ndipo sanayang'anenso kumbuyo kwa chipindacho.

A Buleki anaganiza zothawa. Masitepe anali pafupi. Koma anakhala pampando paja mpaka a Misomali anamaliza, magetsi oyera n'kuyatsidwa. Kuwalako kunaonetsa zonse: makapu apulasitiki pansi, mawaya omata ndi tepi, nkhope za ana wamba otopa.

Mwanayo anabwera akudutsa pakati pa anthu omusisita paphewa, thaulo lili m'khosi, nsapato zili m'manja. Anayamba wakumbatira anamwino.

"Anti, mwabwera ndi yunifolomu? Simunapite n'kunyumba komwe?"

"Ndikanachedwa. Waimba bwino, mwana wanga."

Kenako anatembenuka.

"Adadi."

Analitchula mofatsa, ngati akuwerenga dzina pa botolo la mankhwala. Anamwino anayang'ana mwanayo, anayang'ana a Buleki, anayang'ananso mwanayo. Mphuno zinali zofanana, chipumi chomwecho. Anangotsegula chikwama chawo n'kuyamba kufunamo chinthu chimene munalibe.

"Ndinabwera," anatero a Buleki.

"Ndakuonani."

Pomwepo panafika mnyamata wowonda uja, woimba wa Malata Odontha. Pafupi ankaoneka wamng'ono kwambiri, wa maso aulemu. Anauza mwana wa a Buleki, movutikira, kuti galimoto imene imawanyamulira katundu yafera panjira, ndipo mwini kalabu akufuna zonse zituluke asanatseke.

"Ndili ndi galimoto," anatero a Buleki msangamsanga. Chinali chinthu choyamba choona chimene ananena masana onsewo.

Mwana wawo anawayang'ana kwa kanthawi. "Ili kuti?"

"Kuseri kwa sitolo ya zitsulo."

"Kutali konseko? Pakhomo pano malo analipo ambirimbiri."

A Buleki anakwera masitepe, anayenda mtunda wonse uja dzuwa likupendeka, n'kubwera nayo galimoto mpaka pakhomo penipeni pa kalabu, chikwangwani chofiira chili padenga. Achinyamata amene ankasuta panja anayamba kuwerenga dzina la sukulu mokweza. Wina anakuwa kuti, "Aphunzitsi! Mwandiiwala? Ndine uja ndinagunda geti ya kuchipatala!" A Buleki anakweza dzanja mofooka. Anatsika n'kukanyamula ng'oma yaikulu okha, akukana wowathandiza, ndipo pamasitepe malaya awo anatuluka m'thalauza koma analibe dzanja lowabwezera.

Ng'oma zina analowetsa kubuti, zina anazipakata. Anamwino ndi mwana wa a Buleki anakhala kumbuyo, mbale zachitsulo zili pamiyendo. Mnyamata woimba uja anakhala kutsogolo, pampando wa a Buleki wa masiku onse, wokhala ndi buleki yachiwiri kumapazi.

"Tikupita kuti?" anafunsa a Buleki.

"Kwathu," anatero anamwino. "Ng'omazi zimakhala kwathu."

Ananyamuka. Pa bampu iliyonse mbale zija zinkalira pang'ono. Mnyamatayo anayang'ana chopondera chimene chinali kumapazi ake, n'kumwetulira.

"Zi-zi-zikomo kwambiri, bambo," anatero. "Mwa-mwatithandiza. Mphenzi amati ndinu m-m-mphunzitsi wabwino kuposa onse m'tauni muno. Amati si-simunachitepo ngozi."

"Amatero?"

"Nthawi zonse. Ti-timachita kumuletsa."

A Buleki anayang'ana pagalasi. Mwana wawo ankayang'ana kunja pawindo. Anamwino ankayang'ana manja awo. Palibe amene anamuuza mnyamatayo zimene bambo wokoma mtimayu ananena za mutu wake ndi za kubadwa kwake, ndipo iye anapitiriza kucheza, akulimbana ndi liwu lililonse, kufunsa ngati munthu wachibwibwi amaloledwa kuyesedwa laisensi. A Buleki anati amaloledwa. Pamphambano ina anaiwala kusintha giya, galimoto n'kuzima pakati pa msewu. Wa kumbuyo analiza hutala. M'galimotomo palibe anaseka.

Nyumba ya anamwino inali yaing'ono kuposa yawo. Pabalaza mipando anaikankhira kukhoma limodzi kuti ng'oma zipeze malo pakona, pamene panali kakapeti kakekake. Mwana wa a Buleki sanafunse kuti chiikidwe pati. Anadziwa pamene pali swichi ya magetsi, anadziwa kuti chitseko cha kukhitchini chimafuna kukankha ndi bondo. Pakhoma, pambali pa chithunzi cha malemu bambo a m'nyumbamo, panali chithunzi cha achinyamata atakumbatirana pakhomo pa kalabu ija, ndipo pakati pawo panali mwana wawo akuseka mpaka maso kutsekeka. A Buleki anachiyang'ana nthawi yaitali. Kunyumba kwawo zithunzi zake zonse zinali za gauni, ya sukulu ndi ya kuntchito, ndipo pa zonsezo anatseka pakamwa.

"Ine nditsala, ndithandize Anti kuphika," anatero mwanayo, osawayang'ana. "Ndibwera ndekha. Muwauze amami."

Anamwino anawaperekeza mpaka pagalimoto. A Buleki anaima atagwira chitseko.

"Mayi, zimene ndinanena za mwana wanu zija. Ndilibe ponena. Ndi mwana waulemu."

"Za wanga zisiyeni," anatero anamwino. "Ndinazolowera, ndipo iye sanamve. Koma zija mwachita kwa wanu zija, bambo, wazionera yekha. Sabata yonseyi wakhala akundifunsa kuti, 'Anti, mukuganiza abwera?' Ine ndimati abwera. Sindinadziwe kuti ndakhala nawo patebulo limodzi."

Anatero n'kubwerera m'nyumba.

Atafika kwawo anapeza akazi awo ali pomwe paja, nsalu ili pamiyendo. Anawayang'ana malaya otuluka, fumbi la ng'oma pamimba.

"Waimba bwanji?"

A Buleki anakhala pansi mwamphamvu. "Amayi, mwana uja amaimba. Sindinaonepo zotero. Mapazi ake..." Anayesa kuonetsa ndi manja, n'kusiya. "Anthu amachita kumukuwira dzina."

"Mwamuuza?"

"Ayi."

"Ndiye mukundiuza ine chifukwa chiyani? Ndimaimba ng'oma ine?"

Pamenepo anawafotokozera zonse, kuyambira pa anamwino mpaka pa khoma limene analitembenukira. Akazi awo anasiya kusoka. Sanakalipe. Anawayang'ana ngati munthu amene akuona chilema pa nyumba imene wakhalamo zaka zambiri.

"Mukanangopita kukaonetsa matayala," anatero pomaliza.

A Buleki anatulutsa mpando pakhonde n'kukhala moyang'ana kugeti. Kunja kunali kukuyamba kuda. Ana a oyandikana nawo ankaitanidwa kukasamba. Anakonza mawu m'mutu, kuwasintha, kuwakonzanso, monga ankachitira ophunzira awo akamaloweza zikwangwani za pamsewu. Geti itatseguka, mawu onsewo anabalalika.

"Mwana wanga," anatero, ataimirira. "Tabwera."

Mwanayo anaima pamasitepe a khonde, chikwama chili paphewa.

"Ndakuona ukuimba. Ndaona zonse. Umaimba bwino kwambiri."

"Zikomo."

"Chija ndinachita chija... ndinali nditanena zopusa kwa mayi aja, ndiye ndinachita manyazi, ndiye..."

"Manyazi ndi ine."

"Ayi. Ndi ine mwini."

"Koma amene munamukana ndine, Adadi." Mawu ake sananjenjemere. "Mukanangokhala kunyumba. Kusabwera kwanu ndinali nditakuzolowera. Sikunkandipwetekanso."

A Buleki anafuna kunena kuti ng'oma zibwere kunyumba, kuti azimunyamulira katundu Lamlungu lililonse, kuti adzakhala kutsogolo penipeni. Koma anaona kuti zonsezo zikhala ngati kugula, ndipo mwanayo sanali kugulitsa kanthu. Anangoti, "Ndalakwa, mwana wanga. Pepa."

"Ndamva," anatero, n'kulowa m'nyumba.

Anamva mayi ndi mwana akulankhula motsitsa kukhitchini, mpopi ukutseguka n'kutsekeka. Patapita kanthawi chitseko chinatsegukanso. Mwanayo anatuluka ndi kapu ya madzi ndi mbewu ya mankhwala awo a kuthamanga kwa magazi, monga ankachitira madzulo alionse. Anawaikira m'dzanja n'kuima pomwepo mpaka atameza, poti ankadziwa kuti akapanda kuwayang'anira amaiwala. Kenako mwanayo analandira kapu ija.

"Khala pang'ono," anatero a Buleki.

"Ndatopa, Adadi. Mawa ndikutsegula sitolo ndine."

Anawasiya pakhondepo. Chaka chimenecho a Misomali anaimbanso kangapo m'chipinda cha pansi chija, koma uthenga wodzera kwa mayi ake sunabwerenso, ndipo a Buleki analibe nkhope yofunsira.